Mjigo Woyendayenda wa ku Tangomva

Mu ufumu wa Tangomva nkhani zinkayenda ngati minibasi: mothamanga, modzaza, ndipo malo a wokwera wina sankasowa. Munthu akayamba ndi mawu akuti "tangomva kuti", palibe ankafunsa kuti mwamva kwa ndani, chifukwa funso lotero linkaonetsa kusaleredwa bwino. Mafoni atafika m'dzikomo sanasinthe khalidwe la anthu. Anangowapulumutsa ku ntchito yoyenda wapansi pokafalitsa bodza.

Dzikoli linali ndi malamulo ambiri, koma lalikulu pa onse linali lamulo la msana. Palibe munthu ankaloledwa kuonetsa msana kwa Mfumu Ndaneneratu Yachitatu. Ukamaliza kulankhula nayo unkachoka chafutambuyo, maso ali kwa iyo, mpaka masitepe makumi awiri, ndipo asilikali awiri a ndodo ankawerenga mokweza kuti usabe ngakhale sitepe imodzi. Nduna zokhalitsa pa ntchito zinkadziwika ndi zipsera za kunkhongo.

Tsiku lina m'mafoni a dziko lonse munalowa chithunzi cha Mfumu ili m'tulo pakati pa msonkhano wa nduna, kukamwa kuli yasa, ntchentche itatera pamlomo. Nduna zinaitanidwa mwamsanga.

"Kodi ine ndinagona?" inafunsa Mfumu.

"Ayi, Mwinidziko," anayankha a Tsimikizani Mwatero, Nduna ya Zomveka ndi Zooneka. "Munkaganizira dziko mutatsinzina. Vuto ndi anthu anuwa. Mafoni ali nawo, koma sadziwa kusiyanitsa zoona ndi zabodza. Akufunika sukulu."

Nduna zonse zinaomba m'manja, kuphatikizapo imene inajambula chithunzicho. Madzulo a tsiku lomwelo wailesi inalengeza kuti msika uliwonse upereke anthu makumi atatu, achinyamata ndi achikulire omwe, kuti aphunzire Luso la Kumva ndi Kuona kwa mwezi wathunthu. Msika umene udzakhoze bwino, Mfumu idzapitako yokha kukapereka masatifiketi.

Ku msika wa Tsitsaniko kunatumizidwa a Gwedeza, bambo woonda wa tayi imodzi, amene anaphunzira za makompyuta kukoleji koma ankadyera kukonza mafoni ogwera m'madzi. Unduna unawapatsa envulopu yaikulu ya maphunziro onse. Ataitsekula m'shedi ya chimanga imene inasanduka kalasi, anapezamo pepala limodzi la mizere iwiri. Mzere woyamba unkati uthenga wochokera kunyumba ya Mfumu ndi woona. Wachiwiri unkati wina uliwonse ndi bodza.

Anawerenga mizereyo, ophunzira anabwereza, ndipo maphunziro anathera pomwepo, dzuwa lisanatenthe. Kunatsala masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Tisawanamizire a Gwedeza kuti anali munthu wolimba mtima, chifukwa ankaopa ngakhale atsekwe a kupolisi. Kungoti munthu ukamupatsa choko, anthu makumi atatu ndi mwezi wopanda chochita, amayamba kuphunzitsa zimene akudziwa.

Anayamba ndi zazing'ono: kubisa nambala yachinsinsi, kusayankha mameseji a anthu okuuza kuti wapambana mpikisano umene sunalowe, kutumiza chithunzi osatumiza chala chako chomwe. Kenako analemba mafunso atatu pakhoma. Watumiza ndani? Zinachitika liti ndipo kuti? Kunja kwa chithunzi kuli chiyani?

Funso lachitatu ndi limene linavuta, choncho anawatengera onse ku khonde la a Kambalame, telala wa pamsikapo, amenenso anali wophunzira. Pakhondepo panali anthu anayi: awiri odikira zigamba, mmodzi wobisala dzuwa, wina woledzera. A Gwedeza anayandikira nawajambula, ndipo pafoni panaoneka mitu yothinana ngati dziko lonse likusoketsa kwa a Kambalame. Kenako anabwerera m'mbuyo masitepe atatu najambulanso. Panaoneka anthu anayi aja, benchi yopanda munthu ndi galu wogona.

"Chithunzi choyambacho sichinaname," anatero a Gwedeza. "Changosiya zina panja. Mukaona chithunzi, muzibwerera nacho m'mbuyo masitepe atatu m'mutu mwanu."

"Aphunzitsi, munditumizire choyambacho," anatero a Kambalame. "Chachiwiricho mufufute, chikuwononga bizinesi."

Pa benchi yakumbuyo pankakhala mayi wogulitsa thobwa, dzina lake Nazimbiri. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ndi kumwetulira koti ngakhale wokhometsa ziphaso ankaiwala chimene wabwerera. Ankatha kululutira atasenza ndowa yodzaza osataya dontho. Ndi luso limeneli limene linamulowetsa m'mavuto, ngakhale anzake a m'kalasi anali asanadziwe kukula kwake.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, lole ya unduna inabwera pa Tsitsaniko ndi mjigo. Anauzika pafupi ndi mtengo wa mthethe, madzi anatuluka, Nazimbiri analulutira, wojambula anajambula. Masana lole inanyamulanso mjigowo, ati akukaumanga bwino mabawuti. Mabawutiwo anali akumangidwabe mpaka tsopano. Anthu anapitiriza kutunga mumtsinje wa Vunduka, umene madzi ake ankafanana ndi thobwa la Nazimbiri lisanathiridwe shuga. Chaka chotsatira kunabwera anthu a bungwe lokumba mijigo ndi makina awo. Anayang'ana pafoni, anaona chithunzi cha madzi akutuluka pa Tsitsaniko, anayang'ana Nazimbiri namuzindikira, ndipo anati, "Inu muli nawo kale, mayi, si inu mukuthokozawa?" Makina anapitirira. M'dzinja lomwelo Tinyade, mwana wake wotsiriza wa zaka zisanu, anagonekedwa kuchipatala kawiri ndi matenda otsekula m'mimba, ndipo ulendo wachiwiri anabwerako atatsala maso okha.

Sabata yachitatu a Gwedeza anaphunzitsa kufufuza chithunzi pa intaneti: umachiikapo, n'kufunsa kumene chinaonekapo kale. Anapempha kuti wina apereke chithunzi chilichonse choyesera. A Kambalame, amene sankadutsa pa nyerere osaziputa, anapereka cha mjigo wa pa Tsitsaniko.

Foni inaganiza pang'ono, kenako inayamba kulavula zithunzi. Mjigo wa ku Dikirani. Mjigo wa ku Mawamawa. Wa ku Tidzaona, wa ku Lonjezani, wa kwa Pirirani. Zonse pamodzi makumi anayi. Mtsikana wina wa kusekondale ndi amene anayamba kuona kuti mijigo yonseyo inali ndi chipsera chimodzi chowotcherera pachogwirira. Mnyamata wa kabaza anaona kuti ndowa inali yomweyomweyo, yobiriwira, yophwanyika khutu. Mayi wothokozayo dzina ankasintha m'mudzi uliwonse, uku Nabanda, uko Nasibeko, koma mpata wa mano unali umodzi.

Mitu makumi awiri ndi isanu ndi inayi inatembenukira ku benchi yakumbuyo.

"Anazimbiri," anatero a Kambalame mofatsa, "ndiye maliro a kuchimuna aja munkapitapitawa ndi amenewa? Ife tinkadabwa kuti mtundu wa amuna anu ukutha bwanji chonchi."

Ena anaseka, koma Nazimbiri sanaseke.

"Ankanditenga pa lole limodzi ndi mjigowo," anatero. "Ine kumbuyo, mjigo pakati, mgolo wa madzi kutsogolo. Tikafika ndilulutire, ajambule, tizipita. Ulendo uliwonse ankandipatsa chitenje cha nkhope ya Mwinidziko. Ndili nazo makumi anayi. Ndimasefera madzi a mu Vunduka. Nkhope ya Mwinidziko imagwira matope bwino ndithu, koma tizilombo timadutsa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Poyamba ndinkati ndi chithunzi chabe, chingapweteke ndani. Tinyade atagona m'chipatala muja, akabuula ndinkamva nthungululu yanga yomwe."

A Gwedeza anamasula tayi, anaimanganso, anayang'ana kukhomo.

"Anthuni, izi zithere muno," anatero. "Ine ndili ndi ana. Mawa tiphunzira kujambula kanema wooneka pompopompo, ndipo tizijambula nkhuku."

Anajambuladi nkhuku sabata yonse, ndipo Nazimbiri ndi amene ankagwira foni mosanjenjemera kuposa onse. Mutu wozolowera ndowa unali utaphunzitsa thupi lonse kuyenda mosagwedezeka.

Kunyumba ya Mfumu, a Mwatero anafunsidwa kuti ndi msika uti wakhoza bwino. Popeza malipoti sankawawerenga, anatchula dzina limene linali pamwamba pa mulu, ndipo linali la Tsitsaniko.

"Ku Tsitsaniko," inatero Mfumu mokondwa. "Si kumene ndinawapatsa mjigo kuja? Ndikaupope ndekha, ndimweko madzi a anthu anga."

A Mwatero anachoka chafutambuyo akumwetulira, ndipo atangomaliza sitepe ya makumi awiri anathamanga kukafunsa kumene lole inali.

M'mawa wa tsiku la masatifiketi, mjigo unabwerera pansi pa mthethe uja utapakidwa penti yatsopano. Kumbuyo kwake anaimika chinsalu chachikulu cholembedwa kuti MADZI KWA ONSE. Kuseri kwa chinsalucho kunaima lole, pamwamba pake mgolo, ndipo paipi inatsika n'kudutsa pansi pa mchenga mpaka mumjigo. Mpando wa Mfumu anauika poti iziona mjigo ndi chinsalu basi. Chimene anaiwala m'kuthamanga kwawo ndi madzi oyera a mumzinda odzazira mgolowo, choncho asilikali analamula amayi a pamsika kuti adzaze mgolowo ndi a mu Vunduka, atasefa ndi chitenje kuti asaoneke mtundu.

A Mwatero anaitanira Nazimbiri pambali. Ankamudalira kuposa mabuleki a galimoto yawo.

"Mayi, lero mwakwezedwa," anatero. "Simukhala kutsogolo kwa kamera, mukhala kumbuyo. Tikufuna dziko lonse lione wophunzira akujambula yekha. Foni iyi yalumikizidwa ku tsamba la nyumba ya Mfumu, aliyense aziona pompopompo. Mujambule nkhope ya Mwinidziko ndi madzi. Nkhope ndi madzi, basi. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Mfumu inalankhula maola awiri. Inati bodza ndi mdani wa chitukuko, ndipo kuyambira lero mwana wa Tangomva sadzanamizidwanso ndi munthu wamba. Inapereka masatifiketi, ya Nazimbiri pomalizira. Kenako inapinda manja a mkanjo, inagwira chogwirira chowotcherera chija, inapopa kanayi, ndipo madzi anatuluka. Mu mafoni a dziko lonse munali nkhope yonenepa bwino ndi madzi onyezimira padzuwa. Mfumu inatunga kapu yodzaza, inamwa yonse, inapukuta ndevu.

"Okoma," inatero. Kenako inayang'ana mayi amene anagwada patsogolo pake ndi foni. "Mwagwira ntchito, mayi. Mutha kupita."

Nazimbiri anaimirira. Anayang'ana a Gwedeza, amene mwadzidzidzi anapeza chinthu chosangalatsa pa nsapato zawo. Ankadziwa kuti ndende ya ku Tangomva ili ndi khomo lolowera lokha. Koma Mfumu inali itamuuza kuti apite, ndipo njira yochokera pamaso pa Mfumu inali imodzi. Anaponya phazi kumbuyo, maso ndi foni zili kwa Mwinidziko monga mwa ulemu.

"Imodzi," anawerenga asilikali a ndodo. "Ziwiri. Zitatu."

Pa sitepe yachitatu, dziko linaona m'mphepete mwa chinsalu ndi nsungwi zochigwiriziza. Pa yachisanu ndi chiwiri linaona matayala a lole. A Mwatero anamuthamangira cham'mbali ngati nkhanu, poti nawonso sakanaonetsa msana.

"Imani, mayi," ananong'ona. "Tembenukani, lozani kwina."

"Nditembenuke, bwana?" anafunsa Nazimbiri mokweza ndithu, phazi likupitabe m'mbuyo. "Ndionetse msana kwa Mwinidziko, ine mayi wosauka? Mukufuna andimenye?"

"Khumi ndi ziwiri," anatero asilikali, akuyang'anitsitsa nduna ngati ikufuna kusokoneza mwambo.

Apa mgolo unaonekera wonse, ndi msilikali ali pamwamba pa lole akukhuthuliramo ndowa. Pa sitepe ya makumi awiri chithunzi chinakwana: Mfumu yaing'ono pakati ikugwedeza dzanja mwachimwemwe, paipi, lole, ndi mzere wa amayi ukukwera kuchokera ku Vunduka ndi ndowa za madzi ofiira, wina akusefa ndi nkhope ya Mfumu yomweyo. Nazimbiri anagwada, anaomba m'manja katatu, napereka foni kwa a Mwatero ndi manja awiri.

Msonkhano wa nduna unachitika patapita masiku awiri, ndipo unkaima pafupipafupi chifukwa madzi a mu Vunduka anali atayamba ntchito yawo mwa Mwinidziko. Mfumu ikadzuka mothamanga, nduna zonse zinkazungulira nayo kuti wina asapezeke ataipatsa msana.

Nduna ya Ndende inati mayiyo amangidwe. Woweruza wamkulu anafufuza m'mabuku onse napeza kuti mayiyo anamvera Mfumu, anasunga lamulo la msana, ndipo masitepe ake anakwana makumi awiri ndendende, zimene nduna zambiri sizikwanitsa. Wina anati lamulo la msana lithetsedwe. Mfumu inafunsa ngati akufuna kuti izikhala ikuyang'ana misana ya anthu ake moyo wonse, ndipo mwini ganizolo anati anangotsokomola. Pomaliza a Mwatero anati alengeza kuti kanemayo ndi wabodza, wopangidwa pa kompyuta ndi adani a dziko.

"Sizithandiza," anatero woweruza uja. "Kale zikanatheka. Koma pano anthu akumafunsa kuti wanena ndani, zachitika kuti. Ndamva kuti a ku Dikirani ndi a ku Mawamawa akukonzeka kupita ku Tsitsaniko Loweruka kuti akapope okha."

"Anawaphunzitsa zimenezo ndani?" inakalipa Mfumu.

Mfumu inagwira pamimba, inatsinzina, ndipo ulendo uno inkaganiziradi dziko.

"Ndiye kuti kanemayo akhale wabodza, pakufunika chiyani?"

"Pakufunika mjigo weniweni, Mwinidziko, Loweruka lisanafike."

"Kumbani," inatero Mfumu, ndipo inadzukanso mothamanga.

Makina okumbira mijigo amene anasowa zaka ziwiri anapezeka tsiku lomwelo. Anakumba masiku atatu, anathira simenti, ndipo mabawuti anamangidwa pamaso pa anthu. Lachisanu madzi anatuluka oyera, ozizira, opanda lole kumbuyo. Loweruka a Mwatero anafika ndi a wailesi, naimiritsa Nazimbiri pafupi ndi mjigowo.

"Nenani kuti kanema uja munachita kupanga," anatero, "ndipo mjigo uwu wakhala pano zaka ziwiri."

Simenti inali isanaume bwino, moti phazi la nkhuku linali litadindika pakona. Nazimbiri anayang'ana phazilo, anayang'ana madzi akudontha pakamwa pa mjigo.

"Ndikanena, mjigowu sukwera lole?"

"Sukwera."

"Ndiye ndinanama, bwana. Lembani kuti Nazimbiri ndi wabodza."

Analemba ndithu. Wailesi inamutchula sabata yonse kuti ndi chitsanzo cha kuopsa kwa mafoni, satifiketi yake inalandidwa, ndipo ntchito yothokoza inapatsidwa kwa mayi wina wa mano othinana. Zinamuwawa, tisabise, chifukwa satifiketi ija inali pepala loyamba m'moyo wake kulembedwa dzina lake lenileni. A Gwedeza anabwera kudzapepesa atagwira tayi m'manja.

"Ine ndinakuphunzitsani masitepe atatu okha, mayi," anatero.

"Enawo ndi a lamulo, aphunzitsi," anayankha Nazimbiri, nawapatsa thobwa.

Alendo a ku Dikirani ndi a ku Mawamawa anafikadi. Anapopa, anamwa, anakanda simenti ndi chikhadabo, anayang'ana kuseri kwa mthethe, ndipo sananene kanthu za wailesi. Anangofunsa a Kambalame kuti aphunzitsi aja amapezeka kuti, ndiponso ngati mayi uja angawaonetse kagwiridwe ka foni poyenda. Mwezi usanathe, kunyumba ya Mfumu kunafika makalata ochokera m'midzi ina yonse ija, iliyonse ikupempha modzichepetsa kuti Mwinidziko abwere adzapope yekha mjigo umene anawapatsa. Mfumu inagwetsa misozi poona mmene anthu ake amaikondera, ndipo inavomera onse. A Mwatero anatuluka kukafunsa kuti makina okumbira alipo angati m'dziko. M'misika ya kumeneko, apaulendo ankadabwa kuona amayi akuluakulu akuyenda chafutambuyo ndi mafoni m'manja, anzawo akuwawerengera.

Koma zonsezo zinabwera pambuyo. Loweruka lija, alendo atabalalika, Nazimbiri anatunga ndowa yake yobiriwira yophwanyika khutu, napita nayo kunyumba osalulutira. Anatunga kapu n'kupatsa Tinyade. Mwanayo anayang'ana kapuyo, anayang'ana mulu wa zitenje pa chingwe, ndipo sanamwe.

"Amayi, mwaiwala kusefa ndi nkhope ya Mfumu."

"Imwa, mwanangu," anatero Nazimbiri. "Lero Mfumu ikupuma."